Nyenyezi yomwe sinaphulike mu 2024

Achemwali: Achimwene, mu June 2024 munatulutsa ana panja usiku, kuzizira kuja, atadzikulunga zitenje, mukuwalozera kumpoto kuti nyenyezi ya T Coronae Borealis iphulika September asanathe. Chaka chinatha kuli zii. Amene analengeza zimenezi, ngakhale a NASA omwe, analakwa. Munthu sulonjeza chimene sichili m'manja mwako.

Achimwene: Sanachite kulota, achemwali. Pajatu pali nyenyezi ziwiri zomwe zimazungulirana pa masiku 228 alionse. Ina ndi yaikulu, yofiira, yokalamba. Inayo siposa dziko lathuli kukula, koma imalemera kuposa dzuwa. Yaing'onoyo imakoka mpweya wa haidrojeni kwa inzakeyo n'kumauunjika pathupi pake. Ukachuluka umapanikizika, umatentha, kenaka umayaka wonse nthawi imodzi, ndipo nyenyezi yosaoneka ndi maso imawala mbee. John Birmingham wa ku Ireland anaiona itatero mu May 1866, inateronso mu February 1946. Kusanachitike kuphulika kwachiwiriko inayamba yazilala. Mu 2023 inazilalanso, ndipo wasayansi Bradley Schaefer anawerengera nthawi yophulika kuchokera pamenepo.

Achemwali: Kuzilala kumodzi kokha kwa zaka 80 zapitazo n'kumene anamangirapo nkhani yonse? Akanati "ili pafupi", sindikanadandaula. Koma anatchula mwezi. Mwana wanu wamng'ono uja anandifunsa kuti, "Azakhali, kodi asayansi amanama?" Mawa akadzamuuza za katemera, adzakumbukira usiku uja.

Achimwene: Nanga akanakhala chete? Nyenyeziyo ikaphulika imaoneka ndi maso masiku ochepa chabe, sabata siikwana bwino. Matelesikopu akuluakulu sangaidikirire usiku ulionse. Oilondera ndi anthu wamba a bungwe la oonera nyenyezi la AAVSO, okhala pakhomo pawo ndi katelesikopu. Osawauza msanga, maola oyambirira, omwe ndi ofunika kuposa onse, angapite popanda woona, n'kudikiranso mpaka adzukulu athu atamera imvi.

Achemwali: Alondawo auzeni ndithu, iwo amadziwa kuti kuwerengera kumaphonya. Ine ndikunena za ife omva pa wailesi, amene mawu akuti "mwina" sanatifike.

Achimwene: Apo ndavomera, "mwina" uja anataika panjira, ndipo inenso sindinawauze anawo. Koma mwezi wa May ukafika, gulu la nyenyezi la Corona Borealis likakwera madzulo, ndidzawatulutsanso.

Achemwali: Mudzayambe mwamuyankha funso lake lija.