Kamera Yakale ndi Mlandu wa Wolakwa Mosadziwa

Mu mzinda wa Wetzlar, m'dziko la Germany, munali mmisiri dzina lake Oskar Barnack, amene ankagwira ntchito pa kampani ya Ernst Leitz. Iyeyu ndiye anakonza kamera yaing'ono yotchedwa Leica, imene inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1925. Kamerayo inali yopepuka, yolowa m'thumba la jekete, koma mwini wake ankayenera kudziwa yekha kutalika kwa mtunda pakati pa iye ndi chinthu chojambulidwa; akaphonya, chithunzi chinkatuluka mwachimbuuzi. Tsono m'chaka cha 1932 anatulutsa Leica II, naikamo m'kati mwake kachipangizo kotchedwa rangefinder, ndiko kunena choyesera mtunda. Chaka chomwecho a Zeiss Ikon a ku Dresden anatulutsa yawo yotchedwa Contax, ndipo mu 1954 kunabwera Leica M3, imene amisiri akali kukonza kufikira lero lino.

Makamera amenewa akalamba tsopano, ndipo nthenda yawo yodziwika ndiyo kusokonekera kwa choyesera mtunda. Nthendayi ili ndi khalidwe lodabwitsa: kamera imanamiza mwini wake, iye ali wotsimikiza kuti waona bwino. Pamenepa pali funso loposa nkhani ya zitsulo ndi magalasi. Kodi munthu amene walakwa potsata mokhulupirika muyeso wosokonekera ali ndi mlandu?

Kuti funsoli limveke, kuyenera kudziwa m'mene kachipangizoka kamagwirira ntchito. Munthu akatambasula mkono, naimika chala, natsinzina diso limodzi kenaka linalo, amaona chalacho chikudumpha uku ndi uku. Chikakhala pafupi chimadumpha kwambiri, chikatalikira chimadumpha pang'ono. Chifukwa chake nchakuti maso awiri saona chinthu kuchokera pamalo amodzi. Choyesera mtunda chili ndi maso awiri otere, ndiwo timazenera tiwiri totalikirana. Pa M3 timatalikirana pafupifupi masentimita 7. Kuwala kwa zenera limodzi kumafika kudiso molunjika. Kuwala kwa linalo kumakhotetsedwa, nikufika pa kagalasi kopakidwa siliva wopyapyala, kamene kamalola kuwala kwina kupyola ndi kubweza kwina. Chotero pakati pa choonera pamaoneka kachigamba kowala, ndipo m'menemo chinthu chimodzi chimaoneka pawiri.

Wojambula akamapotokola galasi la kutsogolo, mkombero wake wa kumbuyo umakankha kagudumu kali kunsonga kwa kamkono kachitsulo, ndipo kamkonoko kamasuntha kagalasi kena m'kati. Zithunzi ziwiri zija zimayandikana kufikira zitasanduka chimodzi. Pamenepo kamera yanena kuti mtunda wapezeka, ndipo wojambula amasindikiza chala wopanda mantha.

Koma kamera ikagwa, kapena mafuta a m'kati akauma ndi zaka, kamkono kaja kamasuntha pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Nthawi zina chithunzi chimodzi chimakwera pamwamba pa chinzake. Ichi chimaoneka msanga, chimatopetsa diso, koma kawirikawiri sichiononga ntchito. Choopsa ndicho kusuntha kwa cham'mbali, pakuti zithunzi ziwiri zimakumanabe bwino lomwe, koma zimakumana pa mtunda wolakwika. Wojambula walunjika pa maso a munthu, koma chimene chidzaoneka bwino ndi khoma la kumbuyo. Ndiponso filimu imasunga chinsinsi: palibe chooneka kufikira itatsukidwa, zithunzi zonse 36 zitatha.

Pakhale chitsanzo cha wojambula amene waitanidwa ku ukwati. Wagwira ntchito yake mosamala tsiku lonse, wosafulumira, wosaledzera, nalumikiza zithunzi ziwiri nthawi iliyonse. Patapita sabata filimu yatsukidwa, ndipo nkhope ya mkwatibwi ili mbuu, pamene masamba a mtengo wa kuseri kwake akuwerengeka. Ukwati subwerezedwa. Agogo amene anakhala pampando wa kutsogolo mwina sadzajambulidwanso. Kutayika kumeneku nkoona, ndipo kukhulupirika kwa wojambula sikukuchotsa. Ichi ndicho choyamba choyenera kuvomera: mtima wabwino subweza chimene chaonongeka.

Nanga mlandu? Thomas Aquinas, wanzeru wa ku Italy amene anamwalira mu 1274, anasinkhasinkha funso lotere m'buku lake la Summa Theologiae ponena za chikumbumtima cholakwa. Anaphunzitsa kuti munthu sayenera kuchita zotsutsana ndi chikumbumtima chake, ngakhale chitasokera; koma kusokerako kumamchotsera mlandu pokhapo pamene kusadziwa kwake sikunali kofuna, kapena kochokera ku ulesi. Pa kamera mawu amenewa amveka msanga. Wojambula sakanachitira mwina pa tsiku la ukwati: amene akana dala kulumikiza zithunzi ziwiri wataya muyeso wokhawo umene ali nawo. Ngati kamera inasokonekera m'njira, iye osadziwa, mlandu alibe, ngakhale ayenera kumva chisoni ndi kubweza ndalama. Koma ngati inagwa mwezi wathawo iye akuona, nanena mumtima kuti palibe kanthu, wosaiyesa, mlandu wake unayamba tsiku lomwelo. Ndipo ngati aona filimu yoyamba yaonongeka, nanamizira wotsuka, nanamizira dzuwa, nanyamula kamera yomweyo kunka ku ukwati wachiwiri, ameneyo salinso wosadziwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Chotero funso lasuntha. Kufunsa munthu ngati anatsata muyeso wake sikukwanira. Afunsidwenso ngati anasamala kuuyesa muyesowo. Pano ntchito ya mmisiri wokonza makamera ili ndi maphunziro ake.

Poyamba mmisiri amafufuza pamene pagona vuto, pakuti nthawi zina cholakwa chili m'galasi la kutsogolo. Mu mzinda wa Kharkiv, ku Ukraine, anayamba mu 1934 kupanga makamera otchedwa FED motsanzira Leica II, ndipo pambuyo pake ku Krasnogorsk, pafupi ndi Moscow, anapanga Zorki. Magalasi ambiri a makamera amenewa amalowa bwino pa Leica yakale, koma miyeso yawo imasiyana pang'ono, kotero kuti pojambula chapafupi amaphonya. Wopupuluma angapotokole kamera yabwinobwino, naiononga pofuna kuichiritsa. Momwemonso woweruza mnzake ayambe wadziwa kumene kulakwa kwachokera.

Kachiwiri amatembenuza galasi kufikira pa chizindikiro cha kutali kopanda malire, nayang'ana chinthu chakutali ndithu, monga nsanja ya kutsidya kwa mzinda, kapena mwezi usiku. Mwezi ukaoneka pawiri, kamera yagwidwa bodza. Chifukwa chosankhira mwezi nchakuti suli m'manja mwa mmisiri kapena mwa mwini kamera. Sungakokedwe kuti ugwirizane ndi cholakwa cha munthu. Choyesera mtunda sichingadziyese chokha, pakuti maso ake onse awiri asokera pamodzi. Mtima wa munthu uli chimodzimodzi. Maganizo ake angagwirizane okhaokha, iye namva mtendere, pamene onse apendekera kumodzi. Ngakhale abwenzi awiri ovomerezana pa zonse angakhale ngati timazenera tiwiri ta kamera imodzi yosokonekera. Pafunika choyesera chochokera kunja, chimene munthu sanadzipangire yekha.

Kachitatu, mwezi wokha sukwanira. Mmisiri amatsegula kamera kumbuyo, ngati ili yotseguka, naika kagalasi kokwechedwa pamalo pogona filimu, nayesa ndi tepi mita imodzi kufikira pa chinthu cholembedwa bwino. Pa kagalasiko amaona ndi maso ake chimene filimu idzalandira. Kawirikawiri akakonza zakutali, zapafupi zimasuntha. Akakonza zapafupi, ayenera kubwereranso ku mwezi, kangapo konse, kufikira zonse ziwiri zitagwirizana. Alipo anthu amene amaona bwino zinthu zakutali, nalankhula zoona za chilungamo ndi mtendere wa mitundu, koma pa mtunda wa mita imodzi, pamene pali mkazi, mwana ndi wantchito, muyeso wawo waphonya. Chipatso cha zochita pa anthu apafupi ndicho kagalasi kokwechedwa: chimasonyeza chimene chikufikadi pa filimu. Ndipo amene alimba mtima kunena kuti chithunzi chatuluka mbuu asadedwe, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Kachinayi, dzanja la mmisiri ndi lofatsa. Kamsomali kokonzera kamapotokoledwa pang'ono pokha, iye nayang'ananso, napotokolanso pang'ono. Kachigamba kowala kakachita mdima chifukwa cha nkhungu ya pa magalasi, wosadziwa amatenga nsalu napukuta kagalasi ka siliva. Siliva uja amachoka pamodzi ndi litsiro, ndipo chithunzi chachiwiri chimazimirira. Kamera imene inkaphonya pang'ono tsopano siyesanso kanthu, kufikira atapeza kagalasi kena. Makolo ndi aphunzitsi adziwe ichi. Mwana wodzudzulidwa mwaukali pa chilichonse amaleka kukhulupirira maso ake, nayamba kudikira kuti wina amuuze chochita. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Wina angatsutse kuti: ngati muyeso uliwonse ungasokere, kodi munthu sadzakhala wokayika masiku onse, wosajambula kanthu? Kutsutsaku kuli ndi mphamvu, pakuti wojambula amene ayesa kamera yake pamene mkwati akuveka mphete adzataya chithunzi, monga anachitaya mnzake wa kamera yosokonekera. Koma kuyesa kuli ndi nthawi yake. Kamera imayesedwa madzulo a dzulo lake, imayesedwa ikagwa, imayesedwa chithunzi chikadabwitsa. Pa tsiku la ntchito imakhulupiriridwa. Munthunso ali ndi nthawi zimene ayenera kudzikayikira: atapsa mtima, atalandira mphatso kwa amene adzamuweruza, atakwezedwa pa udindo, ndiponso pamene anthu angapo osapangana amuuza chinthu chimodzi. Kumeneko ndiko kugwa kwa kamera yake.

Yankho tsono ndi ili. Wolakwa mosadziwa alibe mlandu pa filimu yoyamba, koma ali ndi ngongole: kupepesa, kubweza chimene chingabwezedwe, ndi kupereka muyeso wake kuti uyesedwe. Akakana ngongoleyi, filimu yachiwiri ndi mlandu wake. Kamera ya 1954 imene yadutsa m'manja mwa mmisiri wosamala imajambula lero monga inkajambulira ili yatsopano, ndipo mwini wake wanzeru, mwezi ukakhala wathunthu, amatuluka nayo panja kukaona ngati mweziwo ukali umodzi.