Pepala Likatsutsana ndi Agogo

Adzukulu anga, ndamva kuti mwayamba kulondola kumene mtundu wathu unachokera, ndipo mtima wanga wakondwa. Koma ndamvanso kuti mukangopeza kapepala kosemphana ndi zimene agogo anu amanena, mumathamangira kuti nkhalamba yasokonezeka mutu. Apa mpamene ndikufuna tikhalirane pansi.

Pepala lililonse limene mwagwiralo linayambira pakamwa pa munthu. Wina anaima pamaso pa kalaliki wa kuboma kapena mphunzitsi wa kumishoni, nayankha zimene anafunsidwa. Dzifunseni tsono kuti woyankhayo ankaopa chiyani, ankafuna chiyani. M'nthawi ya atsamunda mnyamata ankadzichepetsa zaka kuti asalembedwe msonkho. Mnzake ankadzikulitsa kuti amutenge ku Wenela, mwinanso anapita ku Joni ndi chitupa cha mkulu wake, nagwira ntchito m'migodi pa dzina la eni ake mpaka kubwerako. Buku la ubatizo la ku Nkhoma kapena ku Mua silinama za tsiku limene munthu anabatizidwa, koma ambiri ankabatizidwa ali ndi ndevu kale, ndipo zaka zawo wolembayo ankangoyeza ndi maso. Ngakhale pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, okalamba ena anangotchula chaka chimene chinawafikira m'mutu.

Za maina ndiye musanene. Munthu mmodzi anali ndi dzina la paubwana, lina la kuchinamwali, lina la ubatizo, linanso lomupatsa bwana wake ku Halale chifukwa lenilenilo linkamukanika kutchula. Mukapeza maina anayi, musafulumire kuwerenga anthu anayi.

Musayese kuti ndikuikira kumbuyo zapakamwa zokha. Pakamwa pamafupikitsa nthawi. Kwathu kuno wolowa ufumu amalowanso dzina, ndiye agogo akamati mfumu yakutiyakuti inachokera kutsidya, inamanga mudzi uno, inaonanso njala ya 1949, mwina akukamba za anthu atatu: malume, mwana wa mlongo wawo, ndi wolowa m'malo mwa ameneyo. Amayi aang'ono timangoti amayi, mwana wolera timangoti mwana. Ndipo zilipo zimene akulu anaphimba dala: gogo amene anafika pamudzi ngati kapolo, kapena mwana amene bambo omulera sanali omubereka. Sankanama mwachipongwe ayi, ankatchinjiriza munthu kuti asamalozedwe chala kudambwe ndi kuchitsime. Koma pamene pali mkangano wa munda kapena wa ufumu, tcherani khutu kawiri, chifukwa pamenepo mbiri imapindikira kwa amene akuinena.

Pofunsa yambani ndi amayi achikulire, pakuti kwa ife Achewa mzere umatsata bele, ndipo iwo ndi amene amadziwa kuti uyu anayamwa kwa yani. Afunseni payekhapayekha. Pagulu wamng'ono amangovomera za wamkulu. Musawafunse chaka, mungowavutitsa. Afunseni kuti pa njala ya 49 anali atatha msinkhu kapena ayi, kuti asilikali a Keyala pobwera ku Burma anapeza ndani ali kumsana, kuti Napolo atagumula phiri la Zomba mu 1946 banja linali kuti, kuti amayi awo ankati nkhondo ya Chilembwe ya 1915 inawapeza ali msinkhu wanji. Zaka zimenezi n'zodziwika, ndipo mukamangirirapo nkhani ya agogo mudzaona nokha ngati ndi pepala kapena ndi pakamwa pamene paterereka. Kuona maso a nkhono n'kudekha: funso lomwelo mukalibwereze mwezi wina, agogo akusenda chinangwa pakhonde, osati atazunguliridwa ndi alendo.

Pamaliro yang'anitsitsani kumene adzukulu akukumba. Manda sakumbidwa mwachisawawa, ndipo amene amaloza malowo amadziwa amene wagona pafupi ndi yani. Amene mungathe, pitani ku National Archives ku Zomba mukaone mabuku amene ma DC ankalembamo za mafumu ndi midzi, pokumbukira kuti nawonso ankalemba zouzidwa, kudzera mwa womasulira.

Zikakanika kugwirizana, lembani zonse ziwiri m'kope, ndi dzina la amene ananena komanso tsiku limene ananena. Musafafanize chimodzi. Ndipo mukafukula chinthu chowawa, kaonaneni kaye ndi mwini mbumba musanachiponye pa gulu la WhatsApp la banja, chifukwa ana a munthu amene mukumukambayo ali pomwepo akuwerenga.