Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada

Akuluakulu akaona munthu wosakhutira, amene chilichonse chodutsa pamaso pake amafuna atachilawa, amamuchenjeza ndi mwambi wakuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Kwa ife a ku Mulanje mwambiwu suvuta kuumva chifukwa apusi timakhala nawo. Alimi a m'tsinde mwa phiri, kuyambira ku Likhubula mpaka ku Muloza, amadziwa zimene nyamayi imachita ikakwera mtengo wa masuku kumayambiriro a dzinja. Imathyola suku, kuluma kamodzi, n'kuona lina lakupsa panthambi ya patsogolo. Loyamba lija imataya. Ikamagwira lachiwiri, maso amakhala ali kale pa lachitatu. Pusi ndi katswiri wa m'mitengo ndipo sagwa wamba. Koma manja onse awiri akatanganidwa ndi zipatso, chogwirira nthambi chimasowa, ndipo mwini mitengo uja amapezeka ali gada pansi.

Tikaulingalira bwino mwambiwu, tiona kuti pusi sanagwe ndi njala, pakuti m'mimba munali modzaza kale. Chinamugwetsa ndi mtima wakuti chokoma chenicheni ndi chimene sanachigwirebe. Makolo ankanena mawuwa kwa mwamuna wosakhazikika pabanja, kwa wageni wosintha malonda sabata iliyonse, ndi kwa mwana wosirira mbale ya mnzake yake ili pamwendo. Phunziro lake n'lakuti chilakolako chosaweteka chimayamba ngati ufulu wosankha, koma mapeto ake chimalanda munthu mphamvu yonena kuti basi.

Lero mwambiwu ukulankhula kwambiri kwa anthu amene akodwa ndi zithunzi ndi makanema olaula. Kale zinthu zimenezi zinali zosowa. Lamulo la 1968 loyang'anira mafilimu ndi mabuku linapatsa boma mphamvu zoletsa zotere, ndipo ngakhale tinyumba ta vidiyo titachuluka m'misika, wofuna kuonera ankachita kuzemba usiku, mtima uli phaphapha kuopa kukumana ndi amalume ake potuluka. Manyazi ankatchinga njira. Foni yam'manja yagwetsa mpanda umenewo. Zolaula zimayenda pa memore, zimatumizidwa m'magulu a WhatsApp, zimapezeka pa intaneti ndi bandulo ya ndalama zochepa. Mnyamata akhoza kuonera ali m'gowelo, bambo ali pakhonde, mayi ali kuchipinda, popanda wowaona. Ndipo kanema akatha, wina amakhala wayamba kale kudzionetsa pansi pake. Mtengo uwu nthambi zake sizitha.

Akatswiri a ubongo anapeza zimene makolo anaziona kale m'nkhalango. M'zaka za m'ma 1990, Wolfram Schultz, ali ku yunivesite ya Fribourg ku Switzerland, ankapima ubongo wa apusi powapatsa madzi a zipatso. Poyamba maselo otulutsa dopamine ankatakasuka madziwo akafika pakamwa. Apusiwo atazolowera kuti kuwala kapena kaphokoso kena kamatsogolera madziwo, maselo aja anayamba kutakasuka pa chizindikirocho, madzi asanafike n'komwe. Kent Berridge wa ku yunivesite ya Michigan anaonetsanso kuti mu ubongo kufuna chinthu ndi kukondwera nacho zimayenda njira zosiyana, moti kufuna kungathe kumakula pamene kukoma kukuzilala. N'chifukwa chake munthu wokodwa amatha maola akutsegula kanema uyu, kumusiya pakati, kutsegula wina, osapeza chomukhutitsa. Zimene zinkamusangalatsa chaka chatha lero sizimugwira mtima, ndiye amafunafuna zoposa pamenepo, mpaka kufika pa zinthu zimene poyamba zikanamuchititsa nseru. Foni ikangolira, kapena nyumba ikangoti zii, thupi limayamba lokha kuitanitsa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika vuto lolephera kudziletsa pa zachiwerewere m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11, umene unavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022. Akatswiri akadatsutsanabe ngati vutoli lili ndendende ndi la mowa kapena chamba, ndipo bungweli silinena kuti aliyense amene anaonerapo zolaula ndi wodwala. Zizindikiro zimene limatchula ndi izi: munthu wayesa kangapo kusiya koma akulephera, chizolowezicho chakhala pakati pa moyo wake mpaka kunyalanyaza thanzi, ntchito ndi udindo, akupitiriza ngakhale akuona kuti zikumuwononga, kapena ngakhale sizikumukomeranso, ndipo izi zatenga nthawi yaitali, monga miyezi 6 kapena kuposerapo. Mawu a munthu wotere timawadziwa: "Lero lokha, mawa ndisiya." Mawa likafika, mawu amakhala omwewo.

Kugwa kwake kumaonekera m'zinthu za tsiku ndi tsiku. Ntchito yothyola tiyi imafuna munthu wolawirira ndi wa manja achangu, ndipo amene wachezera pa foni mpaka tambala woyamba sangadzaze dengu ngati anzake. Wakabaza wosagona amaika moyo wa okwera pa chiswe. Mwana wa Fomu 4 amene mayeso a MSCE ali pakhomo amatsegula buku maso ali gwa, maganizo ali kwina. Ndalama ya ndiwo imathera ku mayunitsi. Chopweteka koposa chimachitika m'banja. Mwamuna amayamba kuyerekeza mkazi wake ndi anthu a m'kanema, amene akuchita sewero lokonzedwa kuti ligulitsidwe. Amakakamiza zinthu zimene mnzake sakuzifuna, kapena amangozizira osamuyandikiranso. Mkazi amadzifunsa kuti, "Kodi ndalakwanji?" pamene sanalakwe kanthu. Nkhani ikafika kwa ankhoswe imafika ndi dzina lina, monga nkhanza, kusasiya ndalama pakhomo kapena kubisa foni, muzu wake osatchulidwa. Akazi nawonso amakodwa, ndipo kwa iwo kuulula kumalemera kawiri chifukwa anthu amaganiza kuti ili ndi vuto la amuna okha. 

Tisaiwalenso anthu amene ali m'zithunzimo. Ena anajambulidwa mobisa, ena anatumizira chibwenzi mokhulupirira, chibwenzicho n'kuwamwaza m'magulu chikondi chitatha. Aliyense wa iwo ali ndi mayi ake, ali ndi mudzi wake. Wotumiza chithunzi chotere kwa mnzake wathandiza nawo kuvula munthu pamsika. Chikakhala cha mwana, ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Nanga wogwa adzuke bwanji? Kumunyoza sikuthandiza. Ambiri amathawira ku zolaula pofuna kuiwala nkhawa, kusungulumwa, ulova kapena chisoni, ndipo manyazi akachuluka amabwerera komweko kukabisala. Choyamba ndi kuzindikira nthawi ndi malo amene chilakolako chimabwera: kodi ndi usiku pogona, ndi tsiku lolandira malipiro, kapena pambuyo pa mkangano? Akadziwa, asinthe zomuzungulira m'malo modalira kulimba mtima kokha. Foni igone pabalaza. Atuluke m'magulu otumizirana zolaula, afufute za pa memore, ndipo ngati n'kofunika abwerere kaye ku kafoni ka mabatani. Nthawi imene yatsala yopanda kanthu aidzaze ndi mpira, kwaya, dimba kapena kucheza ndi anthu maso ndi maso, pakuti dzanja lopanda chogwira limabwerera ku foni.

Chachiwiri ndi kuuzako munthu mmodzi wosunga chinsinsi, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Kunena kuti, "Amalume, pali chinthu chandikola, ndithandizeni," n'kovuta, koma chizolowezichi chimanenepa ndi chinsinsi ndipo chikatchulidwa chimayamba kuonda. Ngati pali kusowa tulo, kukhumudwa kosatha kapena maganizo ofuna kudzipha, apite kuchipatala akafunse achipatala oona za maganizo. Dziko lino lili ndi chipatala cha Zomba Mental, komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kumene amathandiza anthu okodwa ndi zizolowezi. Ana ndi achinyamata angathe kuimba ulere pa nambala ya 116. Woterereka pambuyo pa masabata angapo asataye mtima n'kunena kuti zonse zapita m'madzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Udindo waukulu uli kwa ife akuluakulu. Kuno kwathu mwini mbumba ndi malume, ndipo nkhani za thupi zinali ndi eni ake: anamkungwi kusimba, ankhoswe pabanja, agogo pamoto madzulo. Lero ana ambiri akumva za kugonana koyamba kuchokera pa foni ya mnzawo, asanamve mawu amodzi kwa ife. Tikamagulira mwana foni, timuuzenso zimene akakumane nazo m'menemo ndi chifukwa chake zili zabodza. Abusa, mashehe, aphunzitsi ndi alangizi a mabanja aitchule nkhaniyi poyera ndi mwaulemu, kuti wokodwa adziwe khomo loti agogode. Mwana amene wamva kwa malume ake kuti angabwere kudzanena popanda kukwapulidwa, adzabwera vuto lisanakule.