Kodi Wochinga Nkhonya Alibe Mlandu?

Ku cisumbu ca Okinawa, kumwera kwa dziko la Japan, kunacokera nzeru ya kumenyana ndi manja okha, imene aichula karate. Mphunzitsi wina wa sukulu wa kumeneko, Gichin Funakoshi, anaionetsa ku Tokyo m'caka ca 1922, ndipo pambuyo pace inafalikira m'maiko ambiri. Iye analangiza ophunzira ace kuti asayambe ndiwo kumenya. Wophunzira watsopano aphunzira msanga kuchinga: nkhonya yolinga kumaso aikankhira kumwamba ndi mkono, yolinga pacifuwa aipatutsira pambali, ndipo phazi lolinga pamimba alikankhira pansi. Mau amene Ajapani achula nao kuchinga, ndiwo uke, acokera ku mau otanthauza kulandira.

Tsono ambiri adzati, Wochinga alibe mlandu, pakuti angodzisunga. Ine sindibvomereza msanga. Akuru a karate eni ace adziwa kuti kuchinga kungasanduke kumenya. Pfupa la mkono likakomana mwamphamvu ndi dzanja la mnzako, limpweteka monga ndodo. Ndiponso pamene mkono umodzi ulikuchinga, unzace wabwerera kale m'cuuno, wokonzeka kuponya nkhonya. Cosiyanitsa kuchinga ndi kubwezera ndi kamphindi kocepa, kosakwana kuphethira kwa diso.

M'kamphindi kameneko ndimo mugona mlandu wonse. Taganizani, abale, za munthu amene mphwace woledzera amdzera ndi cibonga pabwalo. Acipatutsa, nacigwira, palibe mfumu imene ingamlipitse pa ico. Akadangoima duu kufikira amphwanya mutu, akadamsenzetsa mphwaceyo mlandu wa mwazi. Koma taonani tsopano: woledzerayo alikudzandira, nthiti zace ziri poyera, ndipo anthu alikupenya. Coopsa catha, cotsala ndi mkwiyo ndi manyazi. Akamenya apa, sadzichinjirizanso, alikubwezera, cinkana pa bwalo la milandu adzati, Anayamba ndiye.

Nzeru ya manja aiphunzira ndi kubwereza kambirimbiri, kufikira mkono ucita wokha mwini wace asanaganize. Apa ndipo ndiopa ine. Mkono wozolowera kuchinga ndi kumenya pamodzi sudzalindira kufunsa mtima. Cifukwa cace iye wophunzitsa anyamata kuchinga awazoloweretsenso kubwerera m'mbuyo atachinga, ndi kutsitsa manja ao mdani akali ciriri, ndipo abwereze ici masiku onse monga abwereza kukweza manjawo.