Galimoto Yosayenda ndi ya Ndani?

Galimoto ya liwiro ya Porsche 911 inaonetsedwa koyamba ku Frankfurt caka ca 1963 ndi dzina la 901. A Peugeot anadandaula kuti manambala atatu okhala ndi ziro pakati ndi awo, dzina n'kusintha. Injini yake ili kumbuyo, ndipo mpaka 1998 inkazizira ndi mphepo, osati madzi.

Lero ena amene ali ndi 911 yakale amaitsekera m'galaja, kuopa kuti ikayenda mtengo utsika. Apa ndi pamene ndimakayika, abale anga. Injini yofuna mphepo anaipangira msewu. Mwiniyo ali ndi mapepala ndi makiyi, inde, koma kulira kwake pokwera phiri sakudziwa. Mutandifunsa mwini weniweni, ine ndingaloze makaniko amene amailiza n'kuimvetsera, ngakhale alibe pepala lililonse.