Mwamuna Mnzako N'pachulu, Umalinga Utakwerapo

Pakati pa Achewa a ku Chadiza ku Zambia, monganso kwa abale awo a ku Mozambique ndi ku Malawi, mnyamata akayamba kudziguguda pachifuwa kuti uje sangandithe, ndimugwetsa ndi dzanja limodzi, akulu sachulukitsa gaga m'diwa. Amangoti: mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo. Amene analimapo munda wokhala ndi chulu safuna womumasulira. Ukachionera kumsewu, chulu chimaoneka kamtunda kachabechabe koti n'kukwera uli chiyankhulire. Ukafika patsinde pake m'mwezi wa Okutobala umapeza dothi louma gwa, loti khasu limangodumpha, moti oumba njerwa amayamba alithira madzi dzulo lake. Mvula ikagwa, dothi lomwelo limaterera. Cham'mbali muli kankhande ndi chitedze, ndiponso mauna amene sudziwa ngati mwini wake ndi mbewa kapena njoka. Msinkhu weniweni wa chulu amaudziwa ndi mawondo a munthu amene wachikwera.

Ambiri amaumva mwambiwu ngati chenjezo lokha lakuti usaderere mdani. Zimenezo n'zoona, koma n'zapamwamba chabe. Pansi pake pali mfundo yolemera, yakuti palibe munthu amene angadziwe mphamvu zake ali yekha. Mnyamata akhoza kudziwa kuti amanyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 kuchoka pangolo mpaka pasikelo osapumira, koma thumba silibwezera, silikuyang'ana m'maso, silisintha nzeru pakati pa njira. Munthu mnzako ali ndi mutu wake, mantha ake, njala yake ndi zimene anaphunzira kumene iwe sunafikeko. Choncho mphamvu si katundu woti munthu n'kumusunga m'nkhokwe n'kumauza anthu kuchuluka kwake. Imaoneka pokhapokha anthu awiri olingana akakumana, ndipo chimene chaoneka tsiku limenelo chimanena za tsiku lomwelo basi. Palibe masewera amene amaonetsa zimenezi poyera kuposa nkhonya yolimbirana lamba.

Funso lakuti mphamvu n'chiyani lavutitsanso anthu a mitundu ina. Ku Japan, George Morikawa anayamba mu 1989 kujambula nthano yotchedwa Hajime no Ippo, imene mu 2000 inasandutsidwa katuni ya pa wailesi yakanema, ndipo lero achinyamata a m'mayiko ambiri amaionera pa foni. Mwini nkhani ndi Ippo Makunouchi, mnyamata wamanyazi amene amathandiza amayi ake pa ntchito ya bwato lonyamula anthu okawedza, koma kusukulu anzake ankamupanda osabwezera. Thupi lake linali lolimba kale chifukwa cha katundu wa m'bwato, komabe sankadziwa kuti kukhala wamphamvu n'kutani, ndipo chimene chinamulowetsa m'nkhonya ndi funso limenelo osati mtima wolipsira. Ulendo woyamba kulimbirana lamba wa dziko la Japan anagonja kwa Date Eiji. Pambuyo pake analanda lambayo pogonjetsa Sendo Takeshi, koma funso lija silinathe, ndipo nthanoyo inapitirira zaka zambiri. Wolembayo anaona chimene makolo athu anaona kale: lamba amayankha za munthu mmodzi amene wakumana naye usiku umodzi, pomwe zulu zina zidakali kutsogolo.

Tisanafike pa nkhonya zenizeni, tione kaye chimene chimachitika dzulo lake. Ankhonya onse awiri amavula n'kukwera pasikelo pamaso pa anthu. Wa gulu la bantamweight sayenera kupitirira makilogalamu 53.5, wa light heavyweight sayenera kupitirira 79.4, ndipo amene wapitirira sangatenge lamba ngakhale atapambana. Lamulo limeneli likuteteza chinthu chomwecho chimene mwambi ukunena potchula mnzako. Mwambi sunanene za mwana, nkhalamba kapena munthu wodwala. Chimphona chikagwetsa kamnyamata, anthu odziwa nkhonya sawerengera kuti chapambana, chifukwa palibe chimene chayesedwa.

Malemu Lottie Mwale, amene anthu ankamutcha Gunduzani, ndiye chitsanzo chimene Azambia ambiri amachikumbukira. Anabadwira ku Kitwe mu 1952, anatenga mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch mu 1974, ndipo mu 1979 anagonjetsa Gary Summerhays wa ku Canada mumzinda wa Lusaka n'kukhala mwini lamba wa Commonwealth. Pofika pa 28 Novembala 1980, pamene anakwera m'bwalo ku San Diego kukalimbana ndi Matthew Saad Muhammad pa lamba wa dziko lonse wa WBC, Mwale anali asanagonjepo chilowereni nkhonya zolipidwa. Dziko lonse la Zambia linali ndi chifukwa chomveka choyembekezera. Koma chiyembekezo chimenecho chinali cha munthu woonera chulu ali kumsewu. Saad Muhammad ankadziwika ndi khalidwe lachilendo lolola kumenyedwa mpaka mdani aganize kuti zatha, kenako n'kubweza. M'chigawo chachinayi Mwale anagwa ndipo nkhonya inathera pomwepo. Nkhaniyi ikanathera apa tikanati mwambi unali kunena Mwale yekha. Koma patangotha chaka chimodzi, mu Disembala 1981, Saad Muhammad yemweyo analandidwa lambayo ndi Dwight Braxton, munthu wamfupi kwambiri kwa iye. Woima pamwamba lero amakhala wadziwa za chulu chimodzi chokha.

Pano wina akhoza kutsutsa kuti ngati zili choncho, ndiye kuti mwambiwu ukutamanda wopambana yekha, ndipo wogonja alibe chake. Kutsutsa kumeneku kuli ndi mutu, chifukwa m'mabuku a nkhonya amalembamo dzina la wopambana, ndipo ndalama zambiri zimatsata iyeyo. Koma tione zimene zinachitika ku Monaco pa 19 Okutobala 1985. Chisanda Mutti wa ku Zambia ankalimbana ndi Lee Roy Murphy wa ku America pa lamba wa IBF wa gulu la cruiserweight. Aliyense anali atagwetsedwapo kale n'kudzuka. M'chigawo cha 12, onse ali wefuwefu, anaponya zibakera nthawi imodzi, zonse zinafika, ndipo onse awiri anagwa pamodzi. Woyimbira anayamba kuwerenga. Murphy anadzikoka n'kuimirira kuwerenga kusanathe, Mutti analephera. Lamba anatsala kwa Murphy, ndipo n'zoyenera, chifukwa ndilo lamulo. Koma kodi pali munthu wanzeru amene angaonere nkhonya imeneyo n'kunena kuti mmodzi anali wamphamvu, winayo wofooka? Kusiyana kwawo kunali timasekondi tochepa ta miyendo yonjenjemera. Mwambi sunalonjeze kuti aliyense wokwera adzaima pansonga. Wanena kuti kudziwa kumabwera ndi kukwera, ndipo usiku umenewo Mutti anadziwa za iye mwini zimene munthu wokhala pampando wa oonerera sadzazidziwa mpaka imfa. Ndiye chifukwa chake ankhonya akamaliza kupwetekana amakumbatirana, zimene zimadabwitsa anthu osadziwa masewerawa. Aliyense amakhala akuthokoza munthu yekhayo amene wamuuza zoona za mphamvu zake.

Kutsutsa kwina n'kwakuti mwambiwu ndi wa amuna okhaokha, wochokera m'nthawi imene mphamvu ya mkazi sinkawerengedwa pabwalo. N'zoona kuti unabadwira m'macheza a amuna, ndipo sitiyenera kuubisira zimenezo. Koma mbiri ya nkhonya ya Zambia yaukulitsa mwambiwu popanda kuuphwanya. Esther Phiri, amene ankagulitsa ndiwo zamasamba ku Lusaka asanakumane ndi mphunzitsi wake Anthony Mwamba, ndiye anatsegula maso a dziko kuti mkazi akhoza kudzaza bwalo ndi oonerera. Ndipo palibe amene anaonetsa mbali zonse ziwiri za mwambiwu kuposa Catherine Phiri. Mu Meyi 2015 kunabwera ku Lusaka Christina McMahon wa ku Ireland, mayi wa zaka 40, kudzakumana ndi Catherine amene anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zoposa khumi, ali kwawo, pamaso pa anthu ake, asanagonjepo. Poyang'ana zaka ndi malo, nkhani inkaoneka yothaitha. McMahon anapambana pa mapointi. Patangotha miyezi isanu ndi itatu, pa 30 Januwale 2016, zinthu zinatembenuka: Catherine ndiye anali mlendo ku Rosarito m'dziko la Mexico, moyang'anizana ndi Yazmin Rivas, mwini lamba wa WBC wa bantamweight amene anali ndi nkhonya zambiri kumbuyo kwake. Catherine anabwera naye lambayo kunyumba, chinthu chimene Mwale ndi Mutti sanathe. Kugonja kwa ku Lusaka ndi kupambana kwa ku Rosarito zinachokera kwa munthu mmodzi, thupi lomwelo, mphunzitsi yemweyo. Amene anamupeputsa McMahon ndi amene anamupeputsa Catherine analakwa mofanana. Mu Epulo 2017 Catherine anataya lambayo kwa Mariana Juárez mumzinda wa Mexico City.

Kutsutsa kovuta kwambiri kumachokera kwa makolo ndi aphunzitsi, ndipo n'koyenera kukumva modekha. Iwo amati mwambi wouza mnyamata kuti sungadziwe mnzako usanamukwere ukumutuma kuti akayambe ndewu. Ku Chadiza, monga ku Katete ndi madera ena a chigawo cha Kummawa kumene ng'ombe ndi chuma, anyamata ambiri amakulira kubusa, ena osapita n'kusukulu komwe, akudikira ng'ombe imene adzapatsidwe zaka za ubusa zikatha. Kudambo kulibe woyimbira. Abusa akuluakulu amayambanitsa ang'onoang'ono kuti aone wolimba, ndipo wogonja ndiye amathamangira ng'ombe za onse zikalowera kumunda wa eni. Mnyamata wokulira m'malamulo amenewo akhoza kutenga mwambiwu ngati chilolezo. Koma taonani nthawi imene akulu amaunena. Saunena kwa mwana wamantha kuti apite akamenye. Amaunena kwa wodzitama, kuti atseke pakamwa. Ntchito yake ndi kuziziritsa magazi, chifukwa munthu amene wavomereza mumtima kuti mnzakeyo akhoza kumugwetsa amaganiza kawiri asanakunge chibakera pa mowa kapena pa malire a munda, ndipo nthawi zambiri nkhaniyo imakathera kwa anyakwawa. Komanso mwambiwu ndiwo umavula ulemu munthu womenya mkazi wake kapena ana ake n'kumadzitcha mwamuna. Iye wasankha dala munthu amene akudziwa kuti sabwezera, ndiponso malo amene kulibe sikelo, belu kapena woleretsa. Zimene akuchitazo sizikuonetsa mphamvu iliyonse, zikungoonetsa kuti amaopa olingana naye.

Palinso mtengo wa kukwerako, umene okonda nkhonya sakonda kuutchula. Lottie Mwale anapitiriza kumenya mpaka zaka za m'ma 1990, ndipo anamwalira mu 2005 atavutika ndi matenda a Parkinson, onjenjemeretsa thupi, omwenso anagwira Muhammad Ali. Madokotala akhala akuchenjeza kwa nthawi yaitali kuti kumenyedwa m'mutu mobwerezabwereza kumawononga ubongo, ndipo nthawi zina ngozi imabwera usiku womwewo. Mu Novembala 1982 Duk Koo Kim wa ku South Korea anagwa m'chigawo cha 14 polimbana ndi Ray Mancini ku Las Vegas, ndipo anamwalira patapita masiku anayi. Imfa imeneyo ndiyo inafulumizitsa bungwe la WBC kuchepetsa zigawo za nkhonya za lamba kuchoka pa 15 kufika pa 12, ndipo mabungwe ena anatsatira m'zaka zotsatira. Wina anganene kuti ngati kudziwa mphamvu kumagulidwa ndi ubongo wa munthu, bola kukhala osadziwa. Sindingamutsutse kotheratu munthu wotero, chifukwa palibe lamba amene angabweze mawu a munthu amene lilime lake lalemera. Chimene ndinganene n'chakuti malamulo onse amene apulumutsa ankhonya anabwera chifukwa anthu anasiya kukhulupirira kudzitama kwa wankhonya mwini. Wankhonya aliyense, ngakhale diso litatupa mpaka kutsekeka, amauza woyimbira kuti ali bwino. Ndiye chifukwa chake pambali pa zingwe pamakhala dokotala amene angalangize woyimbira kuti aimitse nkhonya, ndipo mphunzitsi amakhala ndi thaulo paphewa loti aponye m'bwalo akaona kuti mwana wake sakuonanso zibakera zikubwera. Nkhonya ya Catherine Phiri ku Rosarito sinafike kumapeto kwa zigawo zake khumi. Inaimitsidwa Rivas atachekeka kumaso, oweruza anawerengera mapointi a zigawo zimene zinamenyedwa, ndipo akazi onse awiri anatsika m'bwalo ndi miyendo yawo n'kudzamenyanso nkhonya zina pambuyo pake.