Bertrand Russell ndi Funso la Umboni

Kaya munthu ayenera kuvomereza chinthu chimene sangathe kuchitsimikiza, kaya kumuyenera kuugwira mtima kufikira umboni utaoneka, ndilo funso limene lasautsa anzeru a mibadwo yambiri. Koma mwa onse amene analimbana nalo m'zaka za m'ma 1900, sindidziwa wina amene analisenza nthawi yaitali, kapena kulilipirira mtengo waukulu, monga Bertrand Russell, amene anabadwira ku Trellech m'dziko la Wales mu 1872, namwalira mu 1970 ali nkhalamba ya zaka 97.

Anali wa banja lomveka, pakuti agogo ake aamuna, Lord John Russell, anakhalapo nduna yaikulu ya Britain kawiri. Koma ulemu wa banja sunamutchinjirize ku umasiye, popeza asanakwanitse zaka zinayi anali atataya mayi ndi bambo omwe. Anakulira m'manja mwa agogo ake aakazi ku Pembroke Lodge, mayi woopa Mulungu ndi wosanyengerera, amene anampatsa Baibulo atalembamo pachiyambi pake mavesi ena, ndipo limodzi mwa iwo linali la pa Eksodo 23:2, loletsa munthu kutsata unyinji pochita choipa. Ali ndi zaka 11, mkulu wake Frank anayamba kumuphunzitsa masamu a Euclid, ndipo mwanayo, angakhale anakondwera nawo kwakukulu, anakhumudwa pomva kuti mfundo zoyambira sizitsimikizidwa, zingovomerezedwa basi; ndipo anagonja pokhapo mkulu wakeyo atamuuza kuti akapanda kuzilandira phunziro lithera pomwepo. Akulu anati safunsa anadya phula, koma uyu anafunsa, ndipo kufunsako sikunamusiyire mtendere. Pofika zaka 18, atawerenga mbiri ya moyo wa John Stuart Mill, anaona kuti wonena kuti chilichonse chili ndi wochilenga ayenera kufunsidwanso za amene analenga Mlengiyo, ndipo pomwepo anatula chikhulupiriro cha ubwana wake.

Ku Trinity College, Cambridge, anadzipereka ku ntchito yomanga masamu onse pa malamulo a kaganizidwe kolongosoka, kuti pasatsale mfundo ina yoima pa kungovomereza. Koma mu 1901 anatulukira mng'alu m'maziko momwemo, umene tingauyerekeze chotere: pamudzi pakhale wometa amene ameta onse osadzimeta okha, ndipo ameta okhawo, nanga iye mwini ametedwa ndi yani? Akadzimeta waswa lamulo, akapanda kudzimeta waliswanso. Chaka chotsatira analembera Gottlob Frege wa ku Jena, amene gawo lachiwiri la buku lake pa nkhani yomweyo linali kale kosindikiza. Ndipo Frege, m'malo mobisa kapena kupsa mtima, anawonjezera mawu kumapeto kwa bukulo kuvomera kuti maziko a ntchito yake agwedezeka. Ine ndiyesa kuti ulemerero wonse wa sayansi uli m'kachitidwe kameneka, kakuti munthu alola choonadi chigwetse chimene wamanga zaka zambiri, nathokoza wochigwetsayo. Ndipo ife a m'mipingo, amene timati tikonda choonadi, tikadachita bwino kudzifunsa kuti ndi kangati tinatero. Russell pamodzi ndi Alfred North Whitehead anayesa kukonza mng'aluwo m'mabuku atatu a Principia Mathematica, otuluka pakati pa 1910 ndi 1913. Koma mu 1931 Kurt Gödel anasonyeza kuti m'dongosolo lililonse lotere mudzatsalabe zoona zina zosatheka kutsimikizidwa m'kati mwake.

Tsono chimene chindigwira mtima koposa ndi ichi, kuti munthu amene anakana Chikhristu poyera, nakamba zifukwa zake pamsonkhano ku Battersea mu 1927, anasunga vesi la agogo ake lija mokhulupirika kuposa ambiri amene amaliwerenga m'kachisi. Pamene dziko lonse la Britain linali kuimbira nthungululu nkhondo ya 1914, iye anaitsutsa. Anamulipitsa mapaundi 100 ndi kumuchotsa ntchito ku Trinity mu 1916, namutsekera m'ndende ya Brixton mu 1918. Sindinena kuti sanalakwe, pakuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha analankhulapo mawu oopsa okhudza kuopseza Soviet Union ndi nkhondo, ndipo m'mabanja ake anayi anasiyamo misozi. Komabe atalandira mphoto ya Nobel mu 1950 sanakhale pansi kudya ulemu, koma mu 1955 anatulutsa chikalata chochenjeza anthu onse za mabomba a nyukiliya, chimene Albert Einstein anasainira masiku ochepa asanamwalire.

Nanga chidani chake pa nkhanza anachitenga kuti? Sayansi ingathe kutiuza mmene bomba liphulikira ndi unyinji wa amene lidzapha, koma siingathe kutiuza kuti kupha n'koipa. Russell anaona vutoli, ndipo sanalizembe: anavomera kuti sadziwa njira yotsimikizira mwa umboni kuti chabwino n'chabwino, koma ananenanso kuti sakhoza kukhulupirira kuti kuipa kwa nkhanza kuli m'kusaikonda kwake kokha. Pamenepa ine ndisiyana naye, pakuti ndikhulupirira kuti liwu lomwe linamuletsa kukhala chete lili ndi Mwini wake, ngakhale sindingamusonyeze monga asonyezera mfundo ya masamu. Iye sakadandivomereza, ndipo funsolo analisiya losayankhidwa, osadzinyenga kuti waliyankha. Mu 1961, ali ndi zaka 89, bwalo la milandu ku London linamugamula kukhala m'ndende miyezi iwiri chifukwa cha zionetsero zotsutsa zida za nyukiliya, atakana kulonjeza kuti adzaleka. Ndipo poona kufooka kwa thupi lake, chilangocho anachichepetsa kukhala sabata imodzi.